Galimoto zakale za mpikisano za ku Italy: mafunso ndi mayankho

Munthu akangoyamba kuchita chidwi ndi galimoto zimenezi, mafunso ake amakhala omwewo amene ena anafunsa kale. Nawa amene amabwera kawirikawiri, kuyambira osavuta mpaka ofuna kukumba pang'ono.

Tikamati galimoto zakale za mpikisano za ku Italy, tikunena ziti?

Makamaka za makampani awa: Lancia, imene inayamba mu 1906 ku Turin, Alfa Romeo ya ku Milan, ya mu 1910, Maserati, imene anyamata a banja limodzi anaiyambitsa ku Bologna mu 1914, Ferrari ya ku Maranello, imene galimoto yake yoyamba inatuluka mu 1947, ndiponso Fiat pamodzi ndi Abarth. Nyengo yake ndi kuyambira zaka za m'ma 1920 kufika mu 1992, pamene Lancia inatenga chikho chake chomaliza cha rally.

Ambiri amadabwa kuti Lamborghini palibe. Ferruccio Lamborghini, amene analemera ndi mathirakitala, sankafuna zowononga ndalama pa mipikisano. Miura yake ya mu 1966 ndi yokongola zedi, koma ndi ya pamsewu basi.

Mpikisano wa pabwalo ndi rally zimasiyana bwanji?

Pabwalo, monga la Monza limene linamangidwa mu 1922, galimoto zonse zimanyamukira limodzi n'kumazungulira msewu womwewo. Wofika woyamba ndiye wapambana.

Pa rally galimoto zimanyamuka imodziimodzi, ndipo chimene amapikisana nacho ndi wotchi. Misewu yake ndi ya anthu wamba imene yatsekedwa kwa maola ochepa: ya phula, ya fumbi, ya matope, ya chipale chofewa. M'galimoto mumakhala anthu awiri. Wachiwiriyo amawerenga mokweza zimene analemba za kona iliyonse, kuti woyendetsa aloweko ndi liwiro asanaione n'komwe.

N'chifukwa chiyani zambiri ndi zofiira?

Kale mtundu wa galimoto unkasonyeza dziko, osati kampani. Za ku Britain zinali zobiriwira ngati masamba, za ku France zabuluu, za ku Germany zoyera kenako zasiliva. Italy inatenga zofiira pambuyo poti Scipione Borghese wapambana ulendo wa kuchokera ku Peking kukafika ku Paris mu 1907 pa galimoto yofiira ya Itala. Choncho Alfa Romeo ndi Maserati zinali zofiira Ferrari isanabadwe.

Galimoto za rally za m'ma 1970 ndi 1980 zinavala mitundu ya makampani amene ankalipira ndalama. N'chifukwa chake Lancia Stratos anthu amaikumbukira ili yoyera ndi mizere yobiriwira ndi yofiira ya kampani ya ndege ya Alitalia, ndipo Lancia 037 ndi Lancia Delta amazikumbukira ndi mizere ya kampani ya zakumwa ya Martini.

Kodi si Ferrari imene inayambitsa zonsezi?

Ayi. Kholo ndi Alfa Romeo. Enzo Ferrari anali woyendetsa wa Alfa, ndipo gulu lake la Scuderia Ferrari, limene analiyambitsa mu 1929, linkathamangitsa galimoto za Alfa kwa zaka zambiri iye asanapange yakeyake.

Alfa P2, imene anaikonza Vittorio Jano, inatenga chikho choyamba cha dziko lonse mu 1925. Alfa 8C 2300 inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans kanayi motsatizana, kuyambira 1931 mpaka 1934. Tsiku limene okonda Alfa satopa kulikamba ndi la mu 1935 pa bwalo la Nürburgring ku Germany. Tazio Nuvolari, kamunthu kakang'ono thupi, anali pa Alfa P3 yakale ndi yochepa mphamvu, pakati pa Mercedes ndi Auto Union zimene boma la Germany linkazithira ndalama. Anathamangitsa Manfred von Brauchitsch mosapumira mpaka tayala la Mjeremaniyo linaphulika pa ulendo womaliza wozungulira bwalo, ndipo Nuvolari anapambana pamaso pa eni dziko.

Formula One itayamba mu 1950, Nino Farina anatenga ukatswiri pa Alfa 158, ndipo Juan Manuel Fangio anautenga chaka chotsatira pa 159. Ferrari inagonjetsa Alfa koyamba mu 1951 ku Silverstone, woyendetsa ali José Froilán González. Alfa inachoka mu Formula One kumapeto kwa chaka chomwecho, mpando n'kutsalira mwana wake, Ferrari.

Nanga Maserati inachitapo chiyani?

Zinthu zitatu n'zokwanira. Galimoto yake ya 8CTF inapambana mpikisano wa Indianapolis 500 wa ku America mu 1939 ndi 1940, woyendetsa ali Wilbur Shaw. Tipo 61 inali ndi chimango cholumikizidwa kuchokera ku timapaipi pafupifupi 200, chopepuka modabwitsa. Ndipo pali 250F, imene kwa ine ndi galimoto ya Formula One yooneka bwino kuposa zonse za injini yakutsogolo.

Pa 250F ndi pamene Fangio, ali ndi zaka 46, anachita zosaiwalika ku Nürburgring mu 1957. Amakaniko anachedwa kusintha matayala, ndipo anabwerera mumsewu atatsalira pafupifupi mphindi yathunthu kumbuyo kwa Ferrari ziwiri za Mike Hawthorn ndi Peter Collins. Anayamba kuphwanya mbiri ya liwiro la bwalolo mobwerezabwereza, n'kuwadutsa onse awiri kutatsala pang'ono kutha. Tsiku limenelo anatenga ukatswiri wake wachisanu.

Zizindikiro za pa galimotozi zinachokera kuti?

Kavalo wakuda wa Ferrari anali pa ndege ya Francesco Baracca, msilikali wa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amayi ake ndi amene anauza Enzo kuti amugwiritse ntchito, ndipo chikasu cha kumbuyo kwake ndi mtundu wa mzinda wa Modena. Mkondo wa nsonga zitatu wa Maserati anautengera pa chiboliboli cha ku Bologna cha Neptune, mulungu wa nyanja wa Aroma. Chinkhanira cha Abarth ndi chizindikiro cha mwezi umene Carlo Abarth anabadwa.

Katsamba kobiriwira ka mbali zinayi ka Alfa kali ndi nkhani yachisoni. Ugo Sivocci anakajambula pa galimoto yake kuti kamupatse mwayi, n'kupambana mpikisano wa Targa Florio mu 1923. Miyezi ingapo pambuyo pake anafera ku Monza poyeserera galimoto imene panalibe katsambako. Kuyambira pamenepo Alfa za mpikisano sizituluka popanda iko.

Mille Miglia ndi Targa Florio zinali chiyani?

Mipikisano ya pamisewu ya anthu wamba, ndipo ndi imene inaumba khalidwe la galimoto za ku Italy kuposa bwalo lililonse.

Mille Miglia inkachoka ku Brescia, kukafika ku Rome n'kubwerera, makilomita pafupifupi 1,600 osapumula, kudutsa m'midzi ndi m'matauni anthu ataima m'mphepete mwa msewu. Inachitika kuyambira 1927 mpaka 1957. Alfa Romeo inapambana ka 11, Ferrari ka 8. Inathera pa ngozi ya ku Guidizzolo, pamene tayala la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika. Anafa iye, mnzake Edmund Nelson, ndi anthu 9 oonerera, asanu mwa iwo ana. Masiku ano dzinali lilipobe, koma ndi ulendo wa galimoto zakale wosunga nthawi, osati wa liwiro.

Targa Florio anaiyambitsa Vincenzo Florio mu 1906 m'mapiri a Madonie ku Sicily. M'zaka zake zomaliza ulendo umodzi wozungulira unali makilomita 72, makona ake mazanamazana. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ayerekeze msewu wotero, wopapatiza kuposa pamenepo, akuuzungulira kakhumi pa liwiro lonse la galimoto. Ngwazi ya anthu a kumeneko inali Nino Vaccarella, mphunzitsi wa ku Palermo, amene anapambana mu 1965, 1971 ndi 1975. Dzina lake ankalilemba ndi penti pa makoma a nyumba za m'njira. Mpikisano wa liwirowu unatha mu 1977.

Galimoto yopambana m'misewu yotere imafunika kumvera chiwongolero, kukhala ndi mabuleki opirira ndi giya yolowa msanga. Mphamvu yokha siikwanira.

N'chifukwa chiyani makampani ankagulitsa galimoto za mpikisano kwa anthu wamba?

Malamulo ankawakakamiza. Kuti galimoto ilowe m'gulu lina la mpikisano, kampani inkayenera kusonyeza kuti yapanga chiwerengero chakutichakuti cha zoyenda pamsewu. Gulu la Group 4 linkafuna 500, kenako 400. Group B inkafuna 200 zokha. Group A inkafuna 5,000.

Lamuloli ndi limene linabala galimoto zambiri zimene tikuzisirira lero: Alfa Giulia GTA ya mu 1965 ya thupi la aluminiyamu ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, Fiat 131 Abarth, Stratos, 037 ndi Delta Integrale. Chiwerengero chikakhala chochepa, amisiri amakhala ndi ufulu wopanga chilombo. Chikakhala chachikulu, amayenera kuyambira pa galimoto ya banja. Kusiyana kumeneku kukuonekera bwino m'mafunso a Lancia ali m'munsimu.

Ndi kampani iti ya ku Italy imene inaposa zonse pa rally?

Lancia, ndipo si ku Italy kokha. Inatenga chikho cha dziko lonse cha makampani ka 10: 1974, 1975, 1976, 1983, kenako zaka zisanu ndi chimodzi motsatizana kuyambira 1987 mpaka 1992. Anthu ambiri akamva za galimoto za ku Italy amathamangira Ferrari, koma ine mtima wanga uli pano, chifukwa Lancia nthawi zambiri inkapambana ndi nzeru pamene ndalama zinali zoperewera.

Nkhani inayamba ndi Fulvia Coupé HF, kagalimoto kokoka ndi matayala akutsogolo, ka injini ya V4 yosapitirira malita 1.6. Sandro Munari anapambana nako rally ya Monte Carlo mu 1972, patsogolo pa Porsche ndi Alpine zamphamvu kuposa iko. Mtsogoleri wa gulu la Lancia, Cesare Fiorio, anadziwa kuti Fulvia yakalamba, ndipo anachita chinthu chimene palibe anachichitapo. Ena onse ankatenga galimoto ya pamsewu n'kuisintha kuti ichite rally. Iye anati ipangidwe galimoto ya rally kuyambira pa pepala, kenako zoyenda pamsewu zipangidwe zongokwaniritsa lamulo.

Imeneyo ndiye Stratos. Maonekedwe ake anawajambula Marcello Gandini wa ku Bertone: yaifupi, yotakata, yosongoka kutsogolo, galasi lake lozungulira ngati la chipewa cha woyendetsa njinga yamoto. Injini ya V6 ya malita 2.4 inachokera ku Ferrari Dino ndipo inakhala kumbuyo kwa mipando. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo panali mamita 2.18 okha, n'chifukwa chake inkatembenuka msanga kwambiri, komanso n'chifukwa chake inkazungulira ndi woyendetsa wosasamala. Thupi lakutsogolo ndi lakumbuyo linkatseguka lonse kuti amakaniko afike paliponse mwachangu. M'zitseko munali malo oikamo zipewa. Anapanga zosafika 500. Munari anapambana nayo Monte Carlo katatu motsatizana, 1975, 1976 ndi 1977.

Ngati Stratos inali yabwino chotero, anaisiyiranji?

Ndi nkhani ya malonda. Fiat inagula Lancia mu 1969 ndi Abarth mu 1971, ndipo akuluakulu ake sankaona phindu lotchukitsa galimoto imene palibe angaigule. Anafuna kuti ipambane 131, imene abambo ankapita nayo kuntchito. Abarth inaipatsa injini ya mavavu 16 ndi thupi lopepuka, ndipo 131 inatengadi chikho mu 1977, 1978 ndi 1980, oyendetsa ake otchuka ali Markku Alén ndi Walter Röhrl. Ndi galimoto yabwino, yolimba, ndipo siiyenera kunyozedwa.

Komabe Stratos inakana kufa. Bernard Darniche wa ku France anapambana nayo Monte Carlo mu 1979 pa gulu loima palokha, ndiponso Tour de Corse, rally ya pa chilumba cha Corsica, mu 1981.

Kodi 037 inagonjetsa bwanji Audi Quattro?

Audi itabweretsa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, aliyense anaona kuti tsogolo ndi limenelo. Lancia inalibe nthawi kapena ndalama zopangira yake, choncho inapanga 037: yokoka ndi akumbuyo okha, yosafika tani imodzi, injini ili pakati. Popopera mpweya mu injini, m'malo mwa turbo anaikamo supercharger, imene imazunguliridwa ndi injini yeniyeniyo, kotero mphamvu imabwera nthawi yomweyo woyendetsa akaponda, popanda kudikira.

Chachiwiri chinali kusankha nkhondo. Fiorio sanalimbane ndi Audi pa chipale chofewa cha ku Sweden. Anaika mphamvu pamene galimoto yopepuka ili ndi mwayi. Ku Monte Carlo mu 1983 amakaniko ake ankasintha matayala pakati penipeni pa chigawo cha mpikisano, pamene msewu ukusintha kuchoka pa ayezi kupita pa phula louma. Röhrl anapambana kumeneko, ku Greece ndi ku New Zealand; Alén anapambana ku Corsica ndi ku Sanremo. Lancia inatenga chikho cha makampani ndi mapointi awiri okha pamwamba pa Audi. Palibenso galimoto yokoka ndi matayala awiri imene yachitenga kuchokera nthawi imeneyo.

N'chifukwa chiyani Group B inathetsedwa?

Galimoto zinathamanga kuposa mmene misewu, oyendetsa ndi oonerera akanathera kupirira. Delta S4, imene inalowa m'malo mwa 037 kumapeto kwa 1985, inali ndi supercharger ndi turbo pamodzi pa injini ya malita 1.8, yokoka ndi matayala onse, ya mphamvu yoposa ma horsepower 450. Henri Toivonen anapambana nayo mpikisano woyamba wa galimotoyo ku Britain, kenako Monte Carlo.

Attilio Bettega anali atafera kale mu 037 ku Corsica pa 2 Meyi 1985. Mu Malichi 1986 Ford RS200 inalowa m'khamu la anthu ku Portugal n'kupha oonerera. Pa 2 Meyi 1986, chaka chenicheni chitatha Bettega atamwalira ndiponso pa chilumba chomwecho, S4 ya Toivonen ndi Sergio Cresto inagwera kuphedi n'kupsa, onse awiri ali momwemo. Akuluakulu a masewerawa analengeza kuti Group B itha kumapeto kwa chakacho.

Lancia ndiyo inali yokonzeka kuposa ena. Inali kale ndi Delta HF 4WD, yochokera pa galimoto ya banja ya zitseko zisanu imene Giorgetto Giugiaro anajambula. Iyo ndi Integrale imene inaitsatira zinapambana mipikisano 46. Juha Kankkunen anakhala katswiri mu 1987 ndi 1991, Miki Biasion mu 1988 ndi 1989.

Kodi galimotozi zinathamangapo kuno ku Africa?

Kwambiri. Safari Rally ya ku Kenya, imene inayamba mu 1953, inkachitika nthawi ya Pasaka mvula ikugwa, pa mtunda wa makilomita masauzande. Inavutitsa Lancia kwa zaka zambiri. Munari anakhala wachiwiri pa Stratos mu 1975, kumbuyo kwa Peugeot 504, ndi wachitatu mu 1977. Galimoto yothamanga pa phula la ku Corsica inkagonja kwa galimoto zolimba zimene sizikuopa matope ndi mabampu. Mpaka mu 1988 ndi pamene Biasion ndi Tiziano Siviero anapambana pa Delta Integrale yokwezedwa, ya zitsulo zotchinga kutsogolo. Anabwerezanso mu 1989, ndipo Kankkunen anapambana mu 1991.

Ku South Africa, David Piper anapambana mpikisano wa maola 9 wa ku Kyalami pa Ferrari 250 GTO mu 1962 ndi 1963. Jody Scheckter wa dziko lomwelo anatenga ukatswiri wa Formula One pa Ferrari 312 T4 mu 1979, ndipo Ferrari inadikira mpaka 2000 kuti ipezenso katswiri wina. Alfa Romeo inali ndi fakitale ku Brits, ndipo ku South Africa kokha ndi kumene kunapangidwa GTV6 ya malita 3.0, pafupifupi 200, pofuna kukwaniritsa lamulo la mipikisano ya kumeneko.

N'chifukwa chiyani zimalira mosiyana ndi galimoto zina?

Injini ya masilinda anayi imaphulitsa petulo kawiri pa kuzungulira kumodzi. Ya V12 imaphulitsa kasanu ndi kamodzi, choncho mawu ake amakhala osalala ndi okwera. Chinanso ndi makabuleta a Weber a ku Bologna: 250 GTO ili nawo asanu ndi limodzi, akukoka mpweya ndi pakamwa potseguka, ndipo theka la zimene mumamva ndi mpweya wolowawo, osati ekizozi. Pa injini za galimoto zotsikirako mtengo, V6 ya Alfa imene anaikonza Giuseppe Busso ndiyo imatamandidwa kwambiri.

Ferrari 250 GTO imadula chonchi chifukwa chiyani?

Anapanga 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo inapezera Ferrari chikho cha gulu lake zaka zonse zitatuzo. Nambala 250 ndi kukula kwa silinda imodzi, mamililita 250. Kuchulukitsa ndi masilinda ake 12 ndiye malita atatu. Thupi lake analisula ndi nyundo kwa Scaglietti ku Modena, n'chifukwa chake palibe ziwiri zofanana ndendende. Ina inagulidwa pa okushoni mu 2018 pa madola 48.4 miliyoni.

Mtengo umenewu ukunena zambiri za olemera kuposa za galimotoyo. Fulvia ya Munari inachita chinthu chovuta chimodzimodzi.

Kodi n'zoona kuti zimachita dzimbiri ndi kufa pafupipafupi?

Za dzimbiri n'zoona pa galimoto za pamsewu za m'ma 1970. Alfasud inali yokoma kuyendetsa koma inkadyeka msanga. Lancia Beta inabweretsa chipongwe chachikulu ku Britain mu 1980, mpaka kampani inkagulanso zina kwa eni ake, ndipo mbiri yake kumeneko sinadzukenso. Mu 1994 Lancia inasiya kugulitsa galimoto za chiwongolero cha kumanja.

Injini zake ndi nkhani ina. Ya Fiat ya makamshafti awiri, imene anaikonza Aurelio Lampredi, inakhala maziko a 131 Abarth, 037 ndi Integrale, ndipo ndi yolimba ngati mwini wake akusintha oyilo ndi lamba wa taimingi pa nthawi yake. Chimene sizikonda ndi kuimikidwa miyezi yambiri. Mawaya a magetsi nawonso amafuna munthu woleza mtima.

Munthu wamba angathe kukhala nayo? Nanga angakazione kuti?

Stratos, 037 ndi GTA zenizeni zinapita kale kwa anthu a ndalama zambiri, ndipo Integrale nayo ikulowera komweko. Dziwaninso kuti Integrale inkatuluka m'fakitale ndi chiwongolero cha kumanzere chokha. Khomo lotseguka ndi la abale awo a pamsewu: Alfa Giulia, Alfetta, GTV6, Fiat 124 ndi 131 wamba. Kwa amene ali kuno kum'mwera kwa Africa, msika wapafupi ndi South Africa, kumene Alfa ndi Fiat zinkapangidwa za chiwongolero cha kumanja, ndipo za kumtunda kouma ngati ku Johannesburg sizinadyeke ngati za kunyanja. Musanalipire yang'anani pansi, m'munsi mwa zitseko ndi pamene mashoko amagwira. Injini imakonzeka, thupi lowola limadya ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo. Masipeya ambiri muzichita kuitanitsa kunja.

Zongoona ndi maso, ku Italy kuli nyumba zosungiramo galimoto za Ferrari ku Maranello ndi ku Modena, ya Alfa Romeo ku Arese pafupi ndi Milan, ya Mille Miglia ku Brescia, ndi Heritage Hub ku Mirafiori mu Turin, kumene kuli Lancia, Fiat ndi Abarth za rally. Amene ali ku Britain angazione zikuthamanga ku Goodwood chaka chilichonse. Ku South Africa kuli Franschhoek Motor Museum pafupi ndi Cape Town, koma galimoto zoonetsedwa kumeneko amazisinthasintha, choncho funsiranitu zimene zili panja musananyamuke.